Malalo si Ulalo

Ndinafika ku Lundazi chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndili mtsikana wa ku Chipata wodziwa kutaipa komanso wodzimva kwabasi. Anandilemba ntchito yotaipa makalata pa ofesi ina pa boma. Chitumbuka ndinachitolera pamsika: monile, muli uli, yewo, ni zilinga. Mawu anga onse akanakwana m'kapu ya tiyi, koma ndinkayenda nawo ngati ndasenza dengu. Munthu akandifunsa ngati ndimamva Chitumbuka, ndinkayankha kuti Chitumbuka ndi Chinyanja chomwe chija, kungoti anachipotoza pang'ono. Ndinkanena zimenezi pamaso pa eni ake, iwo n'kungoseka mwaulemu.

Bwalo la ndege panthawiyo linali chabe malo audzu kunja kwa tauni. Ng'ombe zinkadya pomwepo ndipo njira ya njinga inkadula pakati. Kandege ka madokotala kakabwera, kankayamba kazungulira kaye m'mwamba kuti anthu athamangitse ziweto. Kenaka asilikali nawo anayamba kuterapo, n'kumanga matenti mbali imodzi. Ndege zawo zinali zolemera, bwalo linawachepera. Tsono kunamveka kuti bwalo alitalikitsa chakumunsi, alitchinga ndi waya, ndipo mbali inayo amangako kanyumba kodikiriramo anthu wamba: ogula fodya, amishoni, odwala opita ku chipatala chachikulu. Tonse tinakondwa. Ine ndinali nditadziona kale ndikukwera ndege ya ku Lusaka, kachikwama kali m'manja, anthu akundiyang'ana.

Ntchito isanayambe panafunika msonkhano ndi anthu amene ankalima kumunsiko. Amene ankatanthauzira pa misonkhano yotere anali mesenjala wathu, bambo wachikulire wa ku Magodi, koma sabata imeneyo anali atapita kumaliro kwawo. Bwana wathu anayang'ana mu ofesi monse, n'kufunsa kuti ndani akumva Chitumbuka. Anzanga awiri a ku Lusaka anawerama. Ine ndinakweza dzanja funso lisanathe n'komwe.

Ndisabise, sichinali chikondi cha ntchito. Mkulu wa asilikali amene ankayang'anira zotalikitsa bwalo anali mwamuna wamtali, wa kumpoto, wolankhula Chibemba ndi Chingerezi, wosamva Chitumbuka ngakhale liwu limodzi. Tsiku la msonkhano ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kukhala kutsogolo m'galimoto ya asilikali ngati mkazi wa nduna.

Msonkhano unayenda bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwonjezera matama. Azibambo ambiri analankhula Chinyanja. Nkhani yawo inali imodzi, yakuti awadikire akolole kaye chimanga ndi mtedza, kenaka awaonetse minda ina. Ine ndinkangotembenuzira m'Chingerezi, mkulu uja akugwedeza mutu. Anthu atabalalika, ife tikulowera kugalimoto, panabwera mayi wina amene ndinkamudziwa nkhope. Ankagulitsa nthochi pakhonde la ofesi yathu, mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Anagwada pafupi ndi tayala.

"Amama akalaliki, mukupulika Chitumbuka?" anandifunsa.

"Enya, nkhupulika makola," ndinatero, mokweza kuti msilikali uja amve.

Mayiyo anatsitsa mawu. "Kusika kula kuli malalo ghithu. Afumu ŵane ŵali kwenekula."

Polankhula anatambasula dzanja kuloza kathengo kamene kanali kumapeto kwa minda, m'mbali mwa kamtsinje. Sanaloze ndi chala. Analoza ndi chibakera, zala zonse atazipinda. Ndinaona zimenezo ndi maso angawa. Kwathu ku Chipata ndinakula akundimenya padzanja ndikaloza manda ndi chala, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti munthu akapinda zala poloza ndiye kuti akuloza chiyani. Koma tsiku limenelo nzeru zanga zinali pa diresi.

Liwu lakuti malalo ndinali ndisanalimvepo. M'malo mofunsa, ndinalifunafuna m'Chinyanja changa, n'kupeza ulalo, mitengo ija timagoneka pamtsinje kuti tiwolokerepo. Ulalo umodzi, malalo ambiri, basi zatheka. Afumu ndinawamvanso mwa kwathu, kuti ndi mfumu ya mudzi imene ikukhala kutsidya. Sindinadziwe kuti mkazi wa Chitumbuka akati afumu ŵane akunena mwamuna wake. Ndinatembenuka n'kuuza msilikali uja m'Chingerezi chosalala kuti mayiwa akudandaula za timilatho tawo tamitengo, towolokera kwa mfumu yawo.

Iye anaseka. Anati ndiwauze asade nkhawa, adzaikapo makalavati, mapaipi aakulu a simenti owolokerapo, olimba kuposa mitengo yawoyo. Liwu la makalavati m'Chitumbuka ndinalibe, tsono ndinangosakaniza.

"Mungadandaulanga yayi, amama. Akuti azakonza bwino. Azaikapo simenti."

Nkhope ya mayi uja sindidzaiiwala. Anatsegula pakamwa, kenaka anaomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ili m'maso. "Simenti? Yewo chomene. Chiuta wamutumbikeni." Msilikali anandiyamikira kuti ndine wochangamuka. Tsiku lotsatira ndinataipa lipoti la msonkhano, makope atatu a kaboni, ndipo pamzere womaliza ndinalemba za milatho ing'onoing'ono. Bwana anasaina.

Patapita masiku, mayi uja anandibweretsera mtedza wosenda kale, wodzaza kambale, atakulunga m'kansalu. Anakana kuti ndimulipire. Tsiku lomwelo mesenjala wathu anabwerako kumaliro, ndipo pa nthawi ya tiyi ankatifotokozera mmene mwambo unayendera. Ankalankhula Chinyanja, koma pena Chitumbuka chinkamupulumuka. Anati mvula inawapeza ali ku malalo, ananyowa onse.

"Munali kuwoloka?" ndinafunsa, mtedza uli m'kamwa.

"Kuwoloka chani, mwana wanga? Ku malalo, kumanda. Kumene taika alamu anga."

Ndinaleka kutafuna. Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa ofesi, n'kuima pamenepo ngati munthu woiwala chimene wadzera. Zonse zinabwera pamodzi, chibakera chija, mawu otsitsa aja, misozi ija. Mayi ananena kuti kumeneko kuli manda awo, mwamuna wake ali komweko. Ine ndinamulonjeza kuti boma liwaka mandawo ndi simenti.

Mpaka apa ndikhoza kudzikhululukira. Munthu amalakwitsa liwu, ndipo akuti safunsa anadya phula. Koma phula langa anadya ndi wina, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere ndi chimene chinatsatira. Buludoza inali isanabwere. Panali masabata atatu athunthu. Ofesi ya bwana inali chitseko chotsatira, matenti a asilikali ulendo wa njinga wosatopetsa n'komwe. Ndikanangonena kuti ndinamva molakwa, akanapatutsa zikhomo za malire a bwalo pang'ono, kapena akanaitana abale kuti achite mwambo wosamutsa mafupa. Sindinanene.

Zifukwa ndinali nazo zambiri, zonse zopanda pake. Ndinali ndisanakhazikitsidwe pantchito. Bwana anali atasaina pepala lolakwika chifukwa cha ine. Anzanga a ku Lusaka aja akanandiseka chaka chonse. Ndipo msilikali wamtali uja akanadziwa kuti Chitumbuka changa n'cha pamsika. Ndinadziuza kuti zinthu za boma zimachedwa, mwina buludozayo sibwera n'komwe, mwina ndalama zithera m'njira. M'mawa uliwonse ndinkati ndinena lero, madzulo n'kuti ndinena mawa. Mayi uja ankandipatsa moni pakhonde ndi nkhope yowala, ine n'kudutsa mofulumira ngati ndili ndi ntchito yambiri. Mtedza ndinaugawira ana a eni nyumba imene ndinkachita lendi, chifukwa sindikanatha kuudya, komanso sindikanatha kuutaya.

Buludoza inabwera pa nthawi yake, mwina koyamba m'mbiri ya boma. Phokoso lake tinkalimva tili mu ofesi. Tsiku lachitatu, chakumasana, phokoso linaleka mwadzidzidzi, ndipo ine ndinadziwa munthu asanandiuze. Woyendetsa anali atagwetsa kathengo konse n'kusalaza. Anaima ataona mbale zosweka ndi makapu zikutembenuzika m'dothi, zija amaika pamitumbira. Akuti anatsika n'kukhala pansi, osafuna kukweranso. Manda anali ochepa, a banja limodzi, pakuti mudzi wawo unasamuka kale n'kusiya mayi yekhayo pafupi. Munali mwamuna wake, ana ake awiri amene anamwalira ali aang'ono, ndi makolo a mwamunayo. Anansi sanachenjeze aliyense chifukwa mayiyo anali atawauza mosangalala kuti boma likudziwa, ndipo liikapo simenti.

Panachitika msonkhano wina, ulendo uno mu ofesi ya bwana. Mesenjala ndiye ankatanthauzira. Abale a malemu mwamuna wa mayi uja anabwera kuchokera ku Chikomeni atakwiya koopsa. Mkulu wa asilikali, amene nkhope yake inali itagwa ndithu, anatulutsa lipoti langa n'kunena kuti iye sanauzidwe za manda, akanauzidwa sakanalola. Mayi uja, atakhala pansi pakona, anati ananena, ndipo anauza akalaliki aakazi. Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Iwe, anakamba chani mayi uyu?" bwana anandifunsa.

Ndikanatha kunena kuti ananena bwino, ine ndiye sindinamve. Ndi mawu ochepa, osafika khumi. Ndinayang'ana makina anga otaipira kudzera pachitseko, n'kunena kuti, "Anakamba za ulalo, bwana."

Mesenjala anatembenuzira mawu angawo m'Chitumbuka. Asanatero anandiyang'ana kaye nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira anakumbukira funso langa la pa tiyi lija. Sanandiulule. Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso mwana wanga, ankangoti akalaliki.

Mlandu unagwera mayi uja. Alamu ake anati ndi wopusa, anapita kukalankhula ndi asilikali payekha osaitana amuna, ndipo ena anati anagulitsa manda a abale awo chifukwa chofuna simenti. Akuluakulu anapepesa monga mwa mwambo, mafupa amene anapezeka anakaikidwa pamodzi kwina, koma panalibe wodziwa kuti awa ndi a yani. Ntchito inapitirira. Bwalo linatalika, waya anatchinga, kanyumba kodikiriramo kanamangidwa n'kupakidwa laimu. Makalavati aja anaikadi pa kamtsinje, olimba bwino. Ndege za asilikali zinkatera mbali yawo, za anthu wamba mbali yawo, ndipo anthu ankabwera pa njinga kudzaonerera kuwaya. Ine ndinakhazikitsidwa pantchito chaka chomwecho. Msilikali wamtali anasamutsidwa osanditsanzika n'komwe, ndipo zinandiyenera.

Mayi uja anasowa pakhonde miyezi ingapo. Ndinkathokoza mumtima kuti sindikumuona, ndipo kuthokoza kumeneko ndimachita nako manyazi mpaka lero. Kenaka tsiku lina mvula itayamba, ndikutuluka kupita kukadya, ndinamupeza ali pamalo pake, nthochi zili pa lichero. Anali ataonda. Ndinafuna kubwerera m'kati koma anali atandiona kale, ndipo anandikodola.

Ndinapita. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa, ndipo kunena zoona ndinkafuna anditukwane pamaso pa anthu onse, mwina ndikanapepukidwa. Iye anandipatsa moni mwaulemu monga kale. Kenaka analankhula Chinyanja, chimene ndinali ndisanamumvepo akulankhula, mawu amodziamodzi ngati mwana wa sukulu amene waloweza.

"Amama, nafunsa ŵanthu. Pa Chinyanja ni manda." Anabwereza kuti atsimikize kuti watchula bwino. "Manda. Nikanaziŵa, nikanakamba tero. Munikhululukile, nakuvutishani na mabwana ŵanu."

Pakamwa panga panatseguka. Mawu aja anali pomwepo, ochepa omwe aja, ndipo pakhonde panalibe bwana, panalibe msilikali, panalibe wondichotsa ntchito. Ndege ina inali ikutsika chakumunsi, kudutsa pamene panali kathengo, ndipo mayiyo sanatembenuke kuiyang'ana. Ankayang'ana ine, kudikira kuti ndimukhululukire.

"Palibe kanthu, amama," ndinatero.

Ndipo ndinagula nthochi.