Nyale Yanga ndi Inswa za Aneba

Chaka chimenecho apongozi anga anabwera kuchokera ku Chiparamba mvula yoyamba ili pafupi. Iwo ankati mwamuna wa m'tauni sadziwa kupezera banja lake ndiwo zopanda kugula. Sankandiuza pamaso ayi, ankauza mkazi wanga mokweza, ine ndili pakhonde. Zinkandipweteka, ndipo ndinalumbira kuti adzadya inswa zogwira ine.

Ndinali nditawerenga pafoni za nyale ina yodabwitsa. Ndi kagalasi kozungulira kokhala ndi sulufule m'kati, kopanda kawaya, koyaka ndi mafunde onga a mayikulowevu yotenthetsera chakudya. Akuti imawala ngati dzuwa. Inswa zimatsata kuwala, ndiye ndinaona kuti nkhani yatha. Ndinazungulira masitolo a m'Chipata ndikulongosola ndi manja omwe.

"Abwana, mufuna babu kapena mayikulowevu?" anandifunsa wogulitsa wina. "Vonse viwiri pamodzi tilibe."

Ndinangogula getsi lowala kuposa onse m'sitolomo, lija amaika pamalo omwetsera mafuta. Getsi lotere silingabisike pansi, ndinatero mumtima. Ndinalimangirira pamwamba pa mtengo wautali wa bulugamu m'mbali mwa mpanda, kuti komboni yathu yonse ya Kapata ione kuti pano pali mwamuna.

Mvula inagwa masana, ndipo kutangoyamba mdima ndinayatsa. Nkhuku zinatuluka m'khola poyesa kwacha. Inswa zinabwera zoti sindinazionepo, mtambo weniweni. Ndinaima ndi beseni la madzi, chifuwa chili patsogolo.

Koma getsi la inswa limafunika kukhala pansi, pafupi ndi beseni. Zanga zinkazungulira kumwamba komweko, ndipo zikatopa kamphepo kankazikankhira kuseri kwa mpanda, pabwalo la aneba. Kwa ine kunkangogwa mapiko. Ndinalumphalumpha ndi tsache, osakhudza ngakhale imodzi. Kuseriko kunali chikondwerero, ndipo pakati pa oseka ndinazindikira mawu a apongozi anga. Anali atazemba ndi ndowa yathu.

M'mawa aneba anatumiza mbale ya inswa zokazinga, ati ndisachotse getsilo. Ndinadya, zinali zonona, manyazi ali tho.

Apongozi anali kukhitchini ndi mwana wawo, mawu ali okweza monga mwa masiku onse.

"Amuna ako ndi a mtima wabwino, mwana wanga. Adyetsa komboni yonse. Uziwapempherera kuti tsiku lina akakumbukireko na nyumba yawo."