Kamphika Kopanda Mchere

Senderani kuno nonse, kokani mphasayo ifike pamthunzi. Chimanga chili m'dengumu tizitong'ola limodzi, manja azigwira makutu akumva. Ndikufuna ndikuuzeni za achimwene anga, amene ambiri a inu simunawaone, ndi za chinthu chimene ndinawabisira zaka zambiri.

M'mimba mwa mayi athu tinakula awiri okha, iwo aakulu, ine wamng'ono. Mayi atamwalira anandilera ndi iwo, ndipo nkhoswe ya ukwati wanga anali iwo omwe. Anakwatira kutsidya kwa mtsinje. Nkhondo itafika, akazi awo anathawira ku Malawi ndi abale awo, ana analibe, banja n'kuthera pomwepo. Iwo anabwerera kwa ine mlongo wawo, ndipo ku Zambia tinawolokera limodzi, ine, amuna anga, ana, ndi iwo.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinkalandira ufa, nyemba ndi mchere pang'ono. Inu atsikana mwambo mukuudziwa: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina athire, apo ayi wodyayo amadwala mdulo, miyendo kutupa, chifuwa kugwira. Tsiku lina ndili kumwezi, nyemba zinapsa anthu onse ali pamzere wa madzi. Ndinasuzumira uku, ndinasuzumira uko, woti ndimutume panalibe. Njala inali itandipsetsa mtima. Ndinati, aa, kuno n'kuchilendo, mwambo unatsala kwathu. Ndinatapa mchere ndi dzanja langali n'kuthira. Woyamba kubwera kudzadya anali achimwene, ndipo anadya mpaka kunyambita zala.

Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, mapazi awo anayamba kutupa. Akayenda pang'ono ankaima, dzanja pachifuwa, akupuma ngati athamanga. Ine nditaona, ndinadziwa mwini wake wa matendawo.

Kumsasako kunali mayi ena okalamba odziwa mitengo. Ndinapita kukawafunsa ngati ndikufunsira mnzanga. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Mnzakoyo akaulule pamaso pa wodwalayo," anatero. "Akatero ndimupatsa mankhwala, asakanize ndi mchere, amudyetse ndi dzanja lake. Popanda kuulula mtengo sugwira."

Kuulula? Nkhani za kumwezi mkazi sakamba ndi mlongo wake. Ndiye ndiyambe ndi zimenezo, ndimalize ndi kuti ndakuphani ndine, inu amene munandilera? Pakamwa panakana. M'malo mwake ndinapanga mankhwala a m'mutu mwanga. Ndinati ngati mchere wa m'dzanja langa ndiwo unawadula, mchere usadzalowenso m'kamwa mwawo kuchokera pamoto wanga. Ndinapatula kamphika kawokawo. Kaya nyemba, kaya nkhwani, kaya usipa tikaupeza, zawo ndinkapungulira m'kamphikamo mchere usanathiridwe.

Tsiku loyamba anatema nsima, anasunsa, anatafuna, anandiyang'ana.

"Mlongo wanga, mchere tinalandira dzulo uja wapita kuti?"

"Ndamva kuti otupa miyendo sadya mchere."

"Wamva kwa yani?"

"Kumadzi."

"Nkhani za kumadzi zidzatimaliza," anatero, n'kupitiriza kudya.

Linali bodza. Kumadzi sindinamveko kanthu.

Amuna anga ankawamvera chisoni alamu awo. Nthawi zina ankamanga kamchere m'kapepala, n'kukhala nawo pafupi akunong'ona kuti, "Alamu, tanyambitani msanga akomandanti asanatione." Akomandantiwo, ati mkulu wa asilikali, ndinali ine. Ndikawapeza ndinkalanda, ndikukalipa ngati wamisala, iwo awiri akuseka. Sankadziwa kuti ndikazungulira kuseri kwa nyumba ndinkalira.

Mtendere utabwera, magalimoto anatitsitsa pamalire ku Kasakatiza, kotsalako tinayenda pansi. Achimwene tinawakhazika panjinga, amuna anga akukankha, ine ndikugwirira msana. Mudzi tinaupeza uli thengo, udzu kupitirira munthu, mitengo itamera m'kati mwa mabwinja a nyumba. Tinkaponda pamene wapondapo mnzathu, kuopa mabomba okwiriridwa. Mango okha ndiwo anatidikira. Pansi pa mango amodzi m'pamene achimwene anakhala, ndipo ali chikhalire ankaloza ndi ndodo: chitsime chinali apo, malire a munda ndi chulu icho, manda a mayi ali kuseri kwa mtengo wa mtondo uwo. Khasu sankalitha, koma manja sanagone. Ankang'amba nsungwi n'kuluka malichero ndi madengu, ndipo nkhokwe yathu yoyamba titabwerera anailuka ndi iwo, masiku ambiri, akupumira pakati.

Matenda sanachoke. Ankapepuka nthawi yotentha, n'kubwereranso. Kugona chagada sankatha, ankatsamira thumba la chimanga. Madzulo alionse dzuwa lisanalowe ndinkawathowa mapazi ndi madzi ofunda. Ukadina ndi chala pamwendo, kadzenje kankatsala, kosafuna kubwerera. Iwo ankati, "Taona, ungadzalemo mtedza." Ine ndinkangoona dzanja langa lomwe lija.

Titamva kuti kuchipatala cha ku Chifunde kwabweranso anthu ndi mankhwala, tinawakhazikanso panjinga. Tinapezako a enferemeru, ndiye kuti namwino, mwamuna wamtali woyankhula pang'onopang'ono. Anawadina mwendo, anawamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anafunsa ngati ali mwana anadwalapo malungo otupitsa mawondo. Achimwene anavomera.

"Bambo, mtima wanu ndi wotopa, ndipo unayamba kale," anatero a enferemeru. "Sutha kukankha bwino, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'miyendo. Kuchiza sindingakulonjezeni, koma mankhwala akumwa awa, makompirimidu, azichotsa madziwo. Chachikulu n'chimodzi, ndipo ambiri chimawakanika. Mchere muusiye."

Achimwene anayamba kuseka, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mchere? Afunseni awa. Ndinaulawa komaliza tili ku Zambia, kupatula umene alamu anga amandibera."

A enferemeru anatembenukira kwa ine. "Amayi, anakuuzani ndani?"

"Palibe," ndinatero, maso pansi.

"Kaya munazitenga kuti, koma ndi mtima umenewu, akanamadya mchere ngati anzawo, sindikukhulupirira kuti mukanafika nawo kuno lero."

Amuna anga anavula chipewa n'kundiweramira. "Akomandanti, tikhululukireni." Onse anaseka, ine ndekha ayi. Ankanditama pa chinthu chimene ndinachita pobisa mlandu, ndipo chinandilemera kuposa kale.

Pobwerera tayala linaphulika dzuwa lili pamutu. Amuna anga anatisiya pansi pa msuku n'kukankha njinga kupita kumudzi wapafupi kukafuna womata. Tinatsala awiri. Ndinaona kuti ndikapanda kunena pano, ndidzawaika m'manda ndi bodza langa. Ndinakhala chowafulatira pang'ono, ndikukanda pansi ndi kamtengo, n'kunena zonse, za nyemba zija, za mmene ndinalili tsiku limenelo, za mayi odziwa mitengo. Mawu ena ankatuluka ndi misozi.

Achimwene anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndadya nkhwani wozizira chifukwa cha nyemba za tsiku limodzi?"

"Achimwene, musaseke."

"Sindikuseka. Iwe, tamvera. Ukukumbuka pothawa paja, tikukwera phiri, ndinati ndatsala ndikumanga nsapato? Nsapato yake iti, poti inali ya tayala yopanda zingwe? Mpweya unali utandithera. Ndisanachoke n'komwe kwa akazi anga, mapazi ankatupa ndikachoka kumunda. Sindinakuuzeni, ndinkaopa kuti muziyenda pang'onopang'ono chifukwa cha ine, ana n'kugwidwa. Nyemba zako zinandipeza ndili wodwala kale."

Ndinalira ngati pamaliro, pamsewu, masana. Iwo anandisiya ndilire, kenako anandigwira paphewa.

"Ukanandiuza chaka chomwecho, bwenzi nditakuuza zangazi, iwe n'kubwezera mchere m'ndiwo, ine n'kufera ku Zambia osawaona mango athu. Ndiye pukuta m'maso, alamu angaganize kuti ndakumenya."

Musamve ngati ndikunena kuti mdulo kulibe. Ine mwambo ndimausunga mpaka lero, ndipo inu ndinakuphunzitsani. Ndikungonena kuti wa achimwene sunali umenewo.

Anakhala nafe mvula zina zinayi. Zimenezo ndizo zaka zimene ndimathokoza kwambiri, chifukwa ndinkawathowa mapazi ndi mtima wopanda kanthu, tikucheza. Anandiuza zambiri za mayi zimene sindinkazikumbuka, mmene ankayimbira posinja, mmene ankaopera achule. Kamphika kanapitirira, koma tsopano ndinkakometsera ndi nsinjiro ndi matimati, ndipo amuna anga anasanduka mlonda woposa ine. Mlendo akabwera ndi kanyama kootcha, amuna angawo ankayamba alawa okha, ati kuyesa mchere, mpaka achimwene kudandaula kuti, "Alamu, mukuyesa kapena mukumaliza?"

Chaka chomaliza makompirimidu analeka kugwira. Mimba inatupa, mawu anachepa. Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, atatsamira pachifuwa changa ndikuwamwetsa phala. Anameza kawiri, kachitatu anapukusa mutu, basi.

Anthu ankati, apumula, avutika nthawi yaitali, nawenso upumule. Ankanena zoona, koma manja anga sankamva. Kwa miyezi ndinkapezeka ndatereka madzi ofunda dzuwa likapendeka, wowathowa palibe. Ndinkapungula ndiwo m'kamphika kaja, ndikazindikira n'kudya ndekha, osathira kanthu. Munthu ukamudwazika zaka zambiri, tsiku lako limazungulira pa iye, ndipo akachoka sudziwa poika manja. Chimene chinandigwira kuti ndisagwe n'chakuti panalibe mawu otsala pakati pathu. Akanapita tisanakhale pansi pa msuku paja, sindikudziwa kuti bwenzi ndili munthu wotani lero. Ndimathokoza Mulungu, ndimathokoza a enferemeru aja, ngakhale tayala lija ndimalithokoza.

Achimwene tinawaika kuseri kwa mtondo, pafupi ndi mayi, monga ananenera okha. Akazi awo akale uthenga unawapeza mochedwa ku Malawi, anali atakwatiwanso, koma anabwera chaka chotsatira ndi nkhuku kudzaona manda. Mayi odziwa mitengo aja sanabwerere kuno, anatsala ku Zambia kwa mwana wawo ndipo anamwalira komweko. A enferemeru anawasamutsa, ena amati ali ku Tete, ine sindinawaonenso. Amuna anga anakhala zaka zambiri ndithu, anamwalira mano atatha m'kamwa, akunditchabe akomandanti. Ine ndine ndatsala, mawondo akukana, koma kumsika wa ku Nsadzo ndimafikabe ndikapeza wondikweza panjinga yamoto.