Sabata imene ndinasocheretsa kalasi yonse

Ndikukumbukira fumbi la choko m'manja mwanga, ndi mmene ndinkadzimvera. Ndinali Fomu 2 pasukulu ina yoyendera kufupi ndi Nkaya. Aphunzitsi athu a masamu, a Matola, anakwera sitima kupita kumaliro ku Nayuchi, n'kusiya kalasi m'manja mwanga poti ndine ndinkakhoza kuposa onse. Buku linalipo limodzi lokha, nalonso linapita nawo m'chikwama.

Mutu unali wa mapolinomiyo, masamu aja osakaniza manambala ndi zilembo, monga 3x² + 2x + 4. Ine ndinaima kutsogolo ngati bwana, n'kuuza anzanga kuti 3x² ndi 2x ukaphatikiza umapeza 5x³. Atatu ndi awiri, asanu. Timanambala tapamwambato natonso n'kuphatikiza. Zinkaoneka zaukhondo bwanji! Amene ankakopera mwakhama kwambiri anali mnzanga Yusufu. Bambo ake anali atamuuza kuti akalepheranso masamu, sukulu yathera pomwepo.

A Matola atabwerako anapereka mayeso. Lachitatu analowa ndi mapepala athu, nkhope ili gwa.

"Kalasi yonse yankho limodzi, lolakwika mofanana! Wakhoza ndi Asiyatu yekha."

Asiyatu, amene anagona ndi malungo sabata yonse ya uphunzitsi wanga! Mitu yonse inatembenukira kwa ine.

A Matola sanandimenye, bola akanandimenya. Anatitulutsa panja, dzuwa likuswa mtengo, n'kudula kachingwe. "Aka ndi x." Kenako anajambula pansi bwalo la mbali zinayi, mbali iliyonse yotalika ngati kachingweko. "Ili ndi x². Tsono iwe mphunzitsi, mabwalo atatu ndi zingwe ziwiri, zikhala zisanu za chiyani?"



"Zofanana zokha ndizo zimaphatikizana," anatero a Matola. "Zinazo zisiye, zingokhala moyandikana."

Ndinamvetsa tsiku limenelo, koma mapepala anali atachongedwa kale. Teremu yotsatira malo a Yusufu pabenchi anali opanda munthu.

Masiku ano mwana wanga akakayikira yankho amangoyang'ana pafoni. Ife tinalibe kwina kofunsa. Woima kutsogolo ndiye anali buku. Yusufu pano amapalasa kabaza pa Ntaja, imvi zili mbuu. Ndikatsika minibasi amandithamangira akuseka. "Kwerani, aphunzitsi!" Ndimakwera, koma kuseka kumandikanika.