Kamota ka M'wailesi ya Bambo

Ndikukumbukira khonde la sitolo ina pa Phalombe Boma pamene a Mulepa ankakonzera mawailesi. Tebulo lawo linali la miyendo itatu, wachinayi unali njerwa zosanjikiza, ndipo fungo la mtovu wosungunuka linkayamba kukulandira usanawaone eni ake. Ndinali Sitandade 8. Loweruka lililonse ndikagulitsa nkhuni zimene amayi ankatola m'munsi mwa phiri la Michesi, anzanga ankathamangira kokaonera kanema, ine ndinkathera pakhondepo kusuzumira m'mawailesi otsegula mimba.

A Mulepa anali munthu wosalankhulalankhula, wa magalasi omangirira ndi waya. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu ankawaseka nacho. M'thumba la malaya ankayenda ndi kabotolo ka kyutekisi wofiira, yemwe uja atsikana amapaka m'zikhadabo. Akamaliza kukonza chinthu ankadontheza kadontho pa sikuluwu iliyonse ndi pa chipangizo chilichonse chimene achigwira.

"Ichi n'chidindo changa," ankatero. "Wina akatsegula pambuyo panga kadonthoka kamasweka, ndiye mlandu sukhala wanga."

Ataona kuti sindichoka, anayamba kundipatsa timatiranzisita ndi tizipangizo tina ta m'mawailesi akufa. Anandiphunzitsa kupanga kabolodi kangakanga: kudula chidutswa cha fomaika ya pamwamba pa matebulo, kuboola timabowo, kulowetsamo timiyendo ta zipangizo, n'kulumikiza kunsi ndi waya. Zonse zinkayenda, koma kuboola ndiye kunkandichititsa manyazi. Ndinkawotcha msomali pambaula n'kuubaya pafomaikapo, mabowo n'kutuluka aakulu, opserera, osalondolozana. A Mulepa ankati amenewo si mabowo a bolodi koma mauna a nkhululu. Tsiku lina anandiuza kuti ndikapeza kamota ka kaseti, singano yothyoka ya makina osokera, ndi kachitsulo ka mkuwa ka m'konekita yolumikizira mawaya kokhala ndi timasikuluwu tiwiri, ndipanga choboolera changa. Singano ndinapempha kwa telala, konekita anandipatsa iwo omwe. Kamota ndiye anati timene ali nato n'ta makasitomala, ndiyendeyende ndikapeza.

Sindinayende patali. Kwathu kunali wailesi ya kaseti imene bambo anasiya popita ku Joni. Bambo anga cholembera sichinkawamvera, choncho m'malo mwa kalata ankajambula mawu awo pakaseti n'kupatsira munthu wobwera kumudzi, mwina kawiri pachaka. Amayi ankaifunditsa wailesiyo kansalu koluka, ndipo mwezi umodzi m'mbuyomo anali ataipititsa kwa a Mulepa kukasinthitsa lamba kuti kaseti ikadzabwera isadzavute. Ine ndinaona kuti mbali ya kasetiyo imangokhala miyezi yambirimbiri osagwira ntchito, ndipo ndinadziuza kuti ndikungobwereka. Mtima ukafuna kuba sukuuza kuti ukuba.

Tsiku limene amayi anapita kokathyola nandolo, ndinatseka chitseko n'kumasula masikuluwu ndi nsonga ya mpeni. Timadontho tofiira tija tinkasweka n'kugwera pamphasa. Ndinationa bwinobwino, koma manja sanaime. Kamota kanatuluka, kozizira, kolemera bwino m'manja. Kumutu kwake kunali kagudumu koyendetsa lamba, ndipo kanakana kuchoka. Ndinakagogoda ndi msomali ndi mwala mpaka kanang'ambika pawiri. Kubwereka kunathera pamenepo. Ndinatseka wailesi, n'kuifunditsanso kansalu kake mwaulemu wonse.

Ndisaname, masiku otsatirawo ndinasangalala. Singano ndinainola pamwala mpaka nsonga inaphwatalala, ndinaimangirira ku kamota ndi kachitsulo kamkuwa kaja, kamotako n'kukalowetsa m'kansungwi kuti ndizigwira ngati cholembera. Mabatire anayi a tochi ndinawakulunga m'nyuzipepala n'kumanga ndi mphira. Nditagunditsa waya, kamota kanalira ngati udzudzu wonenepa, ndipo singano inalowa m'fomaika n'kusiya bowo laling'ono, loyera, lokongola. Ndinaboola chilichonse chimene chinandiyang'ana molakwika: rula yanga, chivundikiro cha ndowa, ngakhale nsapato yapulasitiki ya mlongo wanga.

Loweruka ndinathamanga nako kwa a Mulepa. Anakayesa pa chidutswa cha bolodi, anagwedeza mutu mokhutira, kenaka anasolola kamotako pang'ono m'kansungwi muja. Pamsana pake panali kadontho kofiira.

"Kamota wakapeza kuti, Lameki?"

"Kwa mnzanga wina wa ku Kaduya."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi, kenaka anandibwezera. "Singano yapendeka pang'ono. Ukaiwongole." Ine ndi uchitsiru wanga ndinaganiza kuti ndapulumuka.

Patangotha milungu iwiri, munthu wa ku Joni anafika ndi kaseti. Lamulungu titaweruka kutchalitchi amayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anaphika kalongonda, anaitana achibale ndi oyandikana nawo. Anagulanso mabatire atsopano, chinthu chimene sichinkachitika wamba. Amalume, omwe ndiwo anali eni mbumba, anakhala pampando n'kuika wailesi pamiyendo. Analowetsa kaseti, anadina batani. Zii. Anadinanso, anatembenuza mabatire, anaimenya pambali. Zii. Amayi anali atavala chitenje chawo chatsopano ngati bambo awaona, ndipo nkhope yawo inkagwa pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana. 

Amalume anaitanitsa mpeni womwe uja n'kutsegula kumbuyo. Pamene panayenera kukhala kamota panali mpata, mawaya awiri akulendewera.

"Anagwira komaliza wailesiyi ndani?"

"A Mulepa, achimwene," amayi anayankha.

"Ndinanena ine! Amisiri a pa Boma amatero, amachotsa chabwino n'kukagulitsa kwa wina."

Ndinali nditakhala pomwepo, kamota kali m'thumba la kabudula, kakundiwotcha ntchafu. Mawu awiri okha, akuti ndinaba ndine, akanakwana. Ndinayang'ana nyerere zimene zinkakoka khoko la kalongonda.

M'mawa mwake amalume anati sukulu idikire, ndinyamule wailesi tipite ku Boma. Ndinakhala pakaliyala ya njinga yawo nditaikumbatira, amayi akutsatira pa kabaza. Njira yonse ndinkapemphera kuti tiwapeze a Mulepa atadwala. Tinawapeza ali bwinobwino, akupemerera makala.

Amalume sanapereke moni. Anaika wailesi patebulo n'kuyamba kukalipa ndi mawu amene ankaitanira nawo anthu kutsidya la dimba. Anawatchula a Mulepa wakuba, wodyera amayi osiyidwa, munthu wopanda chisoni ndi ana ofuna kumva mawu a bambo awo. Ogulitsa tomato anasiya malonda, akabaza anaimika njinga, khonde linadzaza. Amayi ankangopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

A Mulepa anatembenuza wailesi n'kuyendetsa chala pamasikuluwu. Timadontho tonse tinali tosweka, zipsera za mpeni zili poyera. Umboni wawo unali pansi pa chala chawo, umboni umene anaugulira kabotolo kaja zaka zonsezo. Anakweza maso, anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anayang'ana dzanja la amalume, lomwe mudzi wonse unkadziwa kulemera kwake.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa. "N'kutheka ndinaiwala kubwezera. Ukalamba."

Anthu anaseka, wina anakuwa kuti kuiwala kwake n'kwanzeru. Iwo anatsegula kabokosi, anatulutsa kamota kena, anakamangirira pamaso pa gulu lonselo, n'kudontheza kyutekisi wawo monga mwa nthawi zonse. Amalume anati aiyesere pomwepo kuti asatinamizenso. Batani litadinidwa, mawu a bambo anatuluka pakhonde la sitolo, pakati pa anthu achilendo. Anayamba ndi moni wa Chilomwe, anafunsa za chinangwa ndi za denga, anatchula aliyense ndi dzina. Kenaka anafika pa ine.

"Lameki mwana wanga, ndamva umakonda za mawaya. Wailesiyo uziisamala iweyo, ndiyo pakamwa panga kumeneko."

A Mulepa anali akutseka kabotolo kawo, osandiyang'ana. Ndikanakonda akanandimenya.

Sindinapitenso pakhonde lija. Ndikagulitsa nkhuni ndinkazungulira kuseri kwa msika, njira yaitali yodutsa kotayira zinyalala, kuti tisaonane. Choboolera ndinachikwirira m'munda wa chinangwa, ndipo sindinaboolenso nacho bowo ndi limodzi lomwe. Koma mbiri ya pamsika ilibe mwendo waufupi. Anthu anayamba kunena kuti ukapititsa wailesi kwa Mulepa uwerengeretu zam'kati, ndipo ambiri anayamba kupita kwina. Nditabwera ku holide ya Fomu 1, tebulo la miyendo itatu panalibe. Ena ankati anabwerera kwa abale awo ku Mozambique.

Amayi ndinadzawaululira ndili kale ndi ndevu, bambo atabwerako n'kumwalira. Ndinkayembekeza kuti aseka, poti ndi zakale. Sanaseke.

"Ukundiuza ine kuti nditani? Anatukwanidwa pamsika paja ndine?"

Lero zinthu zinasintha. Wa ku Joni akafuna kulankhula amangodina foni, mawu n'kufika nthawi yomweyo, ndipo ana anga sadziwa kuti kaseti n'chiyani. Ine ndimakonza mafoni ndi zipangizo za sola m'tauni, choboolera changa n'chogula m'sitolo, timabolodi timabwera toboolaboola kale. M'dirowa ndimasunga kabotolo ka kyutekisi wofiira, ndipo anyamata anga a ntchito amandiseka nako.

Chaka chatha nditapita kumudzi ndinalimba mtima n'kukafika pakhonde lija. Pali kakhumbi kotumizirapo ndalama pafoni. Ndinafunsa achinyamata angapo, dzina la Mulepa sanalimvepo. Kenaka ndinapeza mayi wina wachikulire wogulitsa makaka, amene wakhala pamsikapo chiyambire ndili mwana. Anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala.

"Oho, Mulepa wakuba mamota uja?"

"Sanabe iwo, mayi. Ndinaba ndine."

Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala, n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti. Anati abwana ngati ine ndisamachite nthabwala zotero, iwo analipo tsiku limenelo, ndipo munthuyo anavomera yekha pamaso pa anthu onse.