Nang Conching ndi Mabatani a Wakupha

Nang Conching Villaruel anasoka zovala zaka makumi atatu ndi zinayi m'kashopu kawo kuseri kwa msika wa La Paz, ku Iloilo. Ine ndimagulitsa batchoy, msuzi wa nyama wothira manudo, pakhomo loyandikana nawo, ndiye pakati pathu panali khoma la matabwa basi. Sanakwatiwepo. Analera ana atatu a mng'ono wawo amene anapita kukagwira ntchito ku Hong Kong, ndipo anawo atakula n'kubalalika, mayiwa anatsala ndi makina osokera ndi kanema wamng'ono amene ankakhala pamwamba pa kabati ya nsalu.

Dzuwa likangopendeka, makina ankaima chifukwa sewero layamba. Azimayi a mumsika ankasiyira anzawo mabenchi n'kudzadzaza pakhomo. Ife tinkaonera kuti tilire, koma Nang Conching ankaonera zovala.

"Mtsikanayu mwezi uno sautha, apita kutali," anatero tsiku lina, singano ili pakamwa.

"Mwadziwa bwanji, Nang?" anafunsa Marivic, wogulitsa nsomba zouma.

"Taona m'chiunomo, Day," anayankha, poti mkazi aliyense wamng'ono kwa iwo ankamuitana choncho. "Diresi limeneli analivala sabata yatha, lero alimasula zala ziwiri. Wosewerayu ndi woyembekezera. Amubisa kwinakwake mpaka achire."

Patangopita masabata atatu, mtsikana wa m'sewero uja anakwera ndege ya ku Dubai. Kuyambira pamenepo mawu a Nang Conching sankatsutsidwa. Ankati mwamuna akatulukira ndi malaya oyera atsopano, ameneyo awomberedwa, chifukwa magazi amaoneka bwino pa choyera. Ankatinso wantchito wa m'nyumba amene yunifolomu yamukwana bwino ndi mwana wa bwana amene anasowa ali khanda, chifukwa wantchito weniweni samuyeza ndi tepi.

Wowatsutsa anali mmodzi yekha, Nong Resty, wakabaza wa njinga yamoto ya matayala atatu. Anali ndi tsitsi lalitali la imvi lomanga kumbuyo, ndipo pa unyamata wake ankaimba gitala m'gulu la nyimbo za roki. Masana alionse ankadya batchoy kwa ine, koma mpando ankauika potulukira mawu a kanema.

"Anthu akuluakulu kulirira mabodza," ankatero. "Dzulo wafa, lero wadzuka, mawa waiwala dzina lake."

"Nanga inu a tsitsi ngati chikolopa, woimba wanu uja mwamupeza?" ankayankha Nang Conching osacheuka.

Pamenepo ndiye kuti amuputa. Nong Resty ankakhulupirira kuti pa chimbale chachitatu cha gulu lina la ku Manila limene ankalikonda, woimba si mwini wake koma mchimwene wake. Umboni wake unali kapumidwe. Ankatiikira foni kukhutu kuti timve pamene woimbayo akukoka mpweya. Ife tinkangomva magitala akulira ngati macheka.

Chaka china kunabwera sewero la mtsikana wotchedwa Odelia, amene bambo ake anaphedwa ndi munthu wobisa nkhope. Miyezi isanu tauni yonse inkakangana za wakuphayo. Tsiku lina anaonetsanso mwachidule malo a imfa aja, ndipo Nang Conching anaimirira mpaka tepi yawo inagwa kuchoka m'khosi.

"Ndi mkazi! Jekete lakelo mabatani ali kumanzere. Chovala chachimuna sichimangidwa choncho. Ndi Donya Perpetua, mayi omupeza a Odelia aja."

Marivic anawajambula pa foni akufotokoza, n'kuponya pa intaneti. Pofika Loweruka anthu masauzande anali ataonera. Ena ankalemba kuchokera ku Davao, ena ku Qatar, kuwatcha telala wa maso a mphungu. Ena ankabwera kudzapinditsa thalauza losafunika kupinda, kuti angowafunsa ngati Odelia akwatiwe ndi dokotala kapena msodzi. Nang Conching sankaonetsa kunyada, komabe anagula mpando wina wa alendo.

Tsiku lomaliza la sewero ndinatseka mphika msanga. Wakupha atavula chobisa nkhope, anali dalaivala wa pa nyumbayo, mwamuna wandevu zake. Kenako wina anaseka, ena n'kutsatira, anthu n'kumabwerera ku mabenchi awo.

Amene sanaseke anali Nong Resty. "Conching, nkhaniyi ndi yoonekeratu," anatero. "Olemba seweroli anaona kanema wako uja, anachita manyazi, asintha mathero. Zimachitika zimenezi. Ngakhale pa chimbale chija..."

"Pitani mukanyamule anthu, Resty."

Mawa lake m'mawa Nang Conching anandiitana. Anali atabwereka foni ya Marivic, ataimitsa chithunzi cha jekete lija. "Day, tandiuza zoona. Mabataniwa ali mbali iti?"

Ndinayang'ana. Anali kumanja, ngati a jekete lachimuna lililonse. Ndinawauza.

Anaika foniyo pansi n'kunena kuti, "Chaka chino chonse ulusi ndimalowetsa pa singano mongopapasa. Ndimati ndi babu lachepa mphamvu."

Kuchipatala anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Amene anawatenga pa njinga tsiku la opaleshoni ndi Nong Resty, ndipo panjira nyimbo zake sanayatse. Diso loyamba atalikonza, adokotala anawaletsa kusoka ndi kuyang'anitsitsa kanema kwa masabata angapo. Sewero latsopano linali litayamba kale, ndiye Nong Resty anasamutsa mpando wake n'kuulowetsa m'shopu momwemo kuti aziwauza zimene zikuoneka. Ine ndinkamva zonse kudzera pa khoma.

"Walowa mkazi wina. Wavala chofiira."

"Chofiira chotani? Nanga manja?"

"Manja ali nawo awiri."

"Manja a diresi, chitsiru iwe! Aatali kapena aafupi?"

"Dikira kaye, Conching, akumumenya mbama. Iii, koma mayi uyu ndi woipa mtima! Ine ndikuti mwanayu si wake."

Pofika mwezi wachiwiri Nong Resty anali ndi maganizo ake pa munthu aliyense wa m'seweromo, ndipo ankakangana ndi Marivic mpaka okwera njinga kutopa kudikira n'kukwera ina.

Maso a Nang Conching anachira, koma za ukwati ndi zovala za mikanda anasiya kulandira. Anasoka mayunifolomu a sukulu zaka zina ziwiri. Za m'masewero ankanenabe, kungoti tsopano ankayamba ndi mawu akuti "mwina." Kenako Jonalyn, mmodzi wa ana aja anawalera, anadzawatenga kuti akakhale naye ku Bacolod. Makina anasiyira Marivic, amene mpaka pano sadziwa kuwagwiritsa ntchito. Nong Resty anawaperekeza kudoko, anawanyamulira zikwama mpaka pa geti, ndipo pobwera anadya mbale ziwiri za batchoy atakhala payekha.

Mwezi watha ndinawoloka kukawaona. Anenepako. Jonalyn amawabwerekera mabuku a nkhani zachikondi a zilembo zikuluzikulu, ndipo amawerenga ndi pensulo m'manja, kulemba m'mphepete amene akumukayikira. Anandifunsa za aliyense wa mumsika, mmodzimmodzi, mpaka ndinatsala pang'ono kusiyidwa ndi sitima yamadzulo.