Filimu ya Amalume Pachingwe

Fungo lowawasa, lolasa m'mphuno ngati la matsukwa ogonetsa, ndikangolimva ndimabwerera kwathu kwa Kabudula, chaka chimene amalume a Faliyoti anabwera kuchokera ku Halale ndi kamera pakhosi. Inali nyengo ya masika, fodya ali lendelende m'zigafa, mtedza uli pafupi kukumbidwa. Ine ndinali kamtsikana kogweluka mano, ndipo amayi anga anali atayamba kudwala chifuwa chija.

Amalume anapempha kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amayi aakulu, alongo awo, momwe tinkasungiramo makasu ndi mbewu. Ati zithunzi zimabadwira mumdima. Ee, inakoma ntchito, inakoma! Ndinaponda dothi ndi timiyendo tangati, iwo n'kumata ming'alu yonse, zenera n'kulitseka ndi njerwa. Kudenga anakhoma ziguduli ziwiriziwiri, pakhomo bulangete lolemera. Tinkalowa dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kusaka kuwala. Ndikaloza kabowo ngati ka singano ankaseka, "Maso ako ndi a mphaka, Nabanda!" n'kumata pomwepo.

Patebulo anaika mbale zitatu zachitsulo, mabotolo a mankhwala, bokosi lakuda la mapepala a zithunzi, ndi tochi yokulunga nsalu yofiira. Madzi ndinkatunga ine kuchitsime, n'kuwasefa katatu pa kansalu. Tsiku lina ndinaona ndi maso angawa pepala loyera likugwedezeka m'mbale. Kunatuluka makutu, kunatuluka chipewa, kenaka a Chimbalanga a pagolosale athunthu ndi njinga yawo! Ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika panja.

Lamulo linali limodzi lokha: filimu yosatsuka isaone dzuwa. Ikaona, yafa.

Filimu yomaliza amalume anajambulira amayi anga. Amayi aakulu anawasambitsa, anawadzoza mafuta, anawamanga duku loyera la mvano, n'kuwakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinaima pambali, dzanja paphewa pawo, ndikumva mafupa. Anamwetulira amayi, anamwetulira ngati sakudwala. Mankhwala otsukira anali atatha, choncho amalume anatsekera filimuyo m'kachitini n'kupalasa njinga kupita ku Lilongwe kukagula ena. Ponyamuka anandiuza, "Iwe ndiwe mlonda. Asalowe munthu."

Imeneyo inali sabata ya Mgonero. Kwathu Mgonero ukayandikira, akhristu ochokera kutali amagona kwa anzawo apafupi ndi tchalitchi, ndipo nyumba ya mayi wamvano imayenera kuwala mpaka m'ngodya. Lachisanu m'mawa amayi aakulu anabwera ndi tsache ndi dothi lozirira. Ndinaima pakhomo, manja tambalale.

"Choka apo, alendo agone pati?"

"Amalume anati ayi."

"Amalume akowo ndinawabereka kumsana ine. Ndiye iwe, kamwana ka dzulo, undiuze ayi m'nyumba mwanga, eti?"

Mbama inalira, phaa! Bulangete anathothola, ziguduli anagwetsa, njerwa za pazenera anakankha ndi mpini. Kwathu chinthu chikanunkha chinyontho mankhwala ake ndi dzuwa, kaya ndi ufa, kaya mphasa, kaya fodya. Mapepala onse a m'bokosi lakuda anawayala pathandala ngati mfutso, ndipo ndinawaona akuda pang'onopang'ono. Kenaka anatsegula kachitini kaja. Ndinakuwa, ndinagubuduka pansi, ndinawagwira mwendo. Iwo anamasula filimu ija, anaitambasula ngati lamba, anaikweza kudzuwa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kuchokera uku mpaka uku, tsache lili pansi. Atatha anaipachika pachingwe pambali pa zilundu.

Amalume anafika Loweruka, fumbi mpaka m'nsidze. Ataona lamba uja akuuluzika ndi mphepo anangokhala pansi, padothi penipeni. Ine mumtima ndinati lero kuli mlandu, lero amayi aakulu amva! Haa! Mwamuna wamkulu, woyenda maiko, anangovula chipewa n'kuti, "Zikomo a Naphiri, mwasesa bwino." Basi! Mlandu wonse unagwera ine. Ati mwana wamwano, woyankha akulu, wogwira mayi wake mwendo anthu akuona. Anandigwaditsa pamaso pa alendo a Mgonero kuti ndipepese ndi manja awiri. Ndinapepesa pakamwa, mumtima ayi. Amene anasunga lamulo ndi ine, amene anagwada ndi ine. Chilungamo chimenecho?

Ku Lilongwe amalume anagula mankhwala okha, filimu ina analibe. Anati adzawajambulanso amayi akakabwera ku chipatala. Lolemba amayi anawakweza lole ya fodya kupita ku chipatala cha ku Namitete, ndipo anabwerako ali m'bokosi mtedza usanaume. Kachipinda kaja kanabwerera kwa makasu, mbale zitatu zija tinayamba kumwetsera nkhuku.

Lero zidzukulu zimandijambula ndi mafoni tsiku lililonse, ndikusenda mtedza, ndikuvina, ngakhale ndikuyasamula, ndipo ndimaseka nazo mpaka m'nthiti. Koma zikafunsa kuti amayi anga ankaoneka bwanji, ndimangoloza mphuno yangayi. Ndili mwana ndinkati amayi aakulu anachita dala, nkhanza basi, ndipo chaka chathunthu ndinakana kudya nawo mbale imodzi. Ndinakula, ndinadwazika mng'ono wanga, ndinamuika m'manda, m'pamene ndinamvetsa. Munthu wofulumira kusesera alendo saima nthawi yaitali chotero. Mayi uja anali atasambitsa thupi lija ndi manja ake, ankadziwa kuti mng'ono wake ali paulendo, ndipo sanathe kudikira Loweruka. Za mbama ija sindinawakhululukire, ayi ndithu. Koma tsiku lija tonse awiri tinkalimbirana nkhope imodzi, ine ndili pafumbi, iwo maso ali kudzuwa.