Mwana wa Mayi Safina Sanapite ku Ulaya

Mayi Safina anafika ku Durban kuchokera ku Namwera mwana wawo Zuwena ali kumsana. Amuna awo atamwalira, anatsala ndi makina osokera m'kachipinda kuseri kwa shopu ku Overport, mu Durban momwemo. Ankasoka madiresi aukwati mpaka maso anayamba kuchita chidima. M'thekisi ankangokhala duu, kuopa kuti Chizulu chawo chingawaulule.

Zuwena anakula, nalowa yunivesite kuphunzira unamwino. M'chaka cha 2013 aphunzitsi anamulimbikitsa kuti apikisane nawo pa mwayi wokaphunzira ku Ulaya, wolipiriridwa zonse. Ofuna anali piringupiringu, malo ochepa.

Zuwena ankakhala pa mpukutu wa nsalu n'kumayeseza mayankho m'Chingerezi. Tsiku lina anati, "Amayi, tandifunsani ngati ndinu mmodzi wa osankhawo."

Mayi Safina anaimitsa makina. "Ukaphunzira, udzathandiza ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Akuno otinyoza ife alendo kuti makwerekwere? Kapena akwathu, poti ngakhale dzina la agogo ako sulidziwa?"

Kuyambira pamenepo Zuwena ndiye anasanduka wofunsa. Anafunsa za kumudzi, za chipatala, za msewu. Mayi Safina anamuuza zimene anakhala akubisa: kuti iye sanali woyamba. Mlongo wake anabadwira m'ngolo panjira yopita kuchipatala, ndipo sanalire n'komwe.

Mtsikanayo analembanso kalata yake yonse yofunsira mwayi uja, nanena kuti akufuna kuphunzira zothandiza amayi oyembekezera akumidzi. Anafika mpaka pa mafunso omaliza mumzinda wa Joni. Sanamutenge. Anabwera maso ali psuu. Amayi ake anamupepesa, koma mtima wawo unakhala pansi: mwana sachoka.

Anadzinamiza. Atamaliza sukulu, Zuwena anawauza kuti wapeza malo pachipatala china chamishoni ku Mangochi.

"Ndinakuchotsa kumeneko ndi msana wangawu," anatero Mayi Safina. "Ukabwerere ku fumbi lomwelo?"

"Pamaso pa anthu aja ndinanena kuti ndidzapita, amayi. Iwo anaiwala, koma ine ndinadzimva."

Anakwera basi mu Januwale 2015. Mu Epulo, anthu atayamba kusaka alendo m'misewu ya Durban, Mayi Safina anadzitsekera m'kachipinda kaja, nyale osayatsa. Zuwena anaimba foni akulira.

"Bwerani kuno, amayi. Mabasi akutengatu anthu."

"Nanga manda a bambo ako ndiwasiyire ndani?"

Foni inaduka asanagwirizane.